Nembanemba yoyera pa clownfish yanuyo si white spot, ichotseni m'thanki lero

Achimwene, ndawerenga zimene mwalembazi ndipo chithunzicho ndachiyang'anitsitsa. Mwati munagula nsomba ziwiri za clownfish, tinsomba ta m'nyanja yamchere toweta m'thanki, kushopu ku Johannesburg sabata yatha, n'kuziika m'thanki yanu yaikulu momwe muli makorali ndi nkhono. Kuyambira dzulo imodzi yachita nembanemba yoyera kumutu ndi kumsana, ikupuma wefuwefu, yasiya kudya ndipo ikungokhala pakona chapamwamba. Ena akuuzani kuti ndi white spot, nthenda ya timadontho toyera, ndiye muthire mankhwala a kopa (copper), wina wati mukweze kutentha ndi kuwonjezera mchere. Onsewo akufunirani zabwino, koma musawatsatire. Zimene mwafotokozazi zikuloza ku Brooklynella, kachilombo kosaoneka ndi maso kogwira khungu la nsomba, ndipo nthenda imeneyi siyembekeza kuti Loweruka lifike. Imatha kupha nsomba patsiku limodzi kapena awiri chiyambire kuoneka.

Ndiyambe ndi za mcherezo, poti ambirife tinaphunzira kusunga nsomba pa mbuna za kunyanja kwathu. Mbuna ikagwidwa ndi timadontho toyera, mchere ndi madzi ofundirako zimathandizadi, chifukwa kachilombo kake, Ichthyophthirius, ndi ka m'madzi opanda mchere. Yanuyi ndi nsomba ya m'nyanja yamchere, tizilombo take tinabadwira mumcheremo. Mukakweza kutentha mungochepetsa mpweya m'madzi, pomwe nsomba yanu ikulephera kale kupuma.

White spot ya m'madzi amchere, yomwe kachilombo kake ndi Cryptocaryon irritans, imaoneka ngati timibulu ta mchere tomwazika pathupi ndi pazipsepse, toti mutha kutiwerenga kamodzikamodzi. Nsomba imadzikhula pamiyala, koma masiku oyamba nthawi zambiri imadyabe. Timadonthoto timasowa pakatha masiku angapo, mwini n'kumati yachira, chikhalirecho kachilomboko kangotsikira pansi kukaswana. Pachithunzi chanu sindikuona timadontho. Ndikuona khungu lothimbirira, ngati lapakidwa mamina, ndipo m'mphepete mwa chigamba chakumsanacho nembanembayo ikusendeka. Ameneyo ndiye Brooklynella hostilis. Amagwira nsomba zina zambiri, koma amakonda clownfish kwambiri, makamaka zogwidwa kunyanja, moti osunga nsomba amangoti nthenda ya clownfish. Akatswiri Lom ndi Nigrelli anamufotokoza koyamba mu 1970 atamupeza pa nsomba za ku New York Aquarium, ndipo mpaka lero amafala momwemo, pomwe nsomba zathithikana m'mathanki a ogulitsa ndi onyamula. Chimene amaphera msanga n'choti safunika kuchoka pansomba kuti aswane. Amangogawikana pawiri ali pakhungu pomwepo ndi m'makha mopumiramo, mamina n'kuchuluka mpaka nsomba kubanika.

Pali nthenda ina yomwe ndiyenera kuitchula chifukwa nayo imapumitsa nsomba wefuwefu: velvet, ya Amyloodinium ocellatum. Usiku muzimitse magetsi a thanki, muwalitse tochi chammbali mwa nsombayo. Ya velvet imaoneka ngati yawazidwa kafumbi kosalala kachikasu, timadontho tosawerengeka, ndipo imakonda kuima pomwe pampu ikuponya madzi mwamphamvu komanso kuthawa kuwala. Mukaona zotero mundiuze, chifukwa apo kopa ndiye mankhwala ake. Zina musavutike nazo: zotupa zoyera zolimba m'mphepete mwa zipsepse, nsomba ili kudya bwinobwino, imakhala Lymphocystis, vairasi amene amatha yekha madzi akakhala abwino. Timawanga takuda pa clownfish yomwe imagona pa korali n'chifukwa choti koraliyo amaiwawula, si matenda ayi. Chotsimikizira chenicheni ndi kupala pang'ono maminawo n'kuwaona pa maikulosikopu kwa dokotala wa ziweto wodziwa za nsomba, koma ndi mmene yafikira yanuyi ine sindingadikire zimenezo.

Chochita lero. Pezani kathanki kena ka malita 40 kapena kuposerapo, ngakhale bokosi la pulasitiki latsopano lomwe silinaonepo sopo. Pansi pakhale popanda mchenga kapena miyala. Muikemo heater, mwala wa mpweya, ndi zidutswa ziwiri za paipi ya PVC zoti nsomba zizibisalamo. Madzi akhale atsopano osakaniza nokha, osati otunga m'thanki yaikuluyo, chifukwa mmenemo ndimo muli tizilomboto. Mchere wake ndi kutentha kwake zifanane ndi za m'thanki yaikulu, cha pa 1.025 pa choyezera mchere (specific gravity) ndi madigiri 25 Celsius.

Musanapeze mankhwala, isambitseni m'madzi opanda mchere. Ndikudziwa zikumveka ngati kuipha, koma clownfish imapirira. Tengani madzi a RO (osefedwa ndi makina ochotsa mchere ndi zonyansa) kapena a pampopi ochotsedwa klorini, otentha chimodzimodzi ndi a m'thanki, muthiremo soda wophikira pang'ono kuti pH, muyezo wa asidi m'madzi, ifike cha pa 8, ndipo mpweya uziphulika mmenemo. Nsomba ikhalemo mphindi 3 mpaka 5, osapitirira, inu maso ali pompo. Ikhoza kugona chammbali poyamba, zimenezo zimachitika. Mukaikhudza ndi chala osagwedezeka n'komwe, itulutseni msanga. Kusambitsaku kumathothola tizilombo tambiri ndi mamina otseka makha, nsomba n'kupumako. Koma si kuchiza, kwangokugulirani maola.

Mankhwala odalirika a Brooklynella ndi formalin, ija ya 37 peresenti. Kopa pa kachilombo aka sadalirika, ndipo anthu ambiri ataya nsomba akuyeza kopa mokhulupirika tsiku ndi tsiku. Ngati kushopu ya nsomba za m'nyanja kulibe, funsani kwa ogulitsa zinthu za koi, nsomba zokongoletsa za m'madamu, poti osunga koi amaigwiritsa ntchito kwambiri. Muwerenge pabotolo mphamvu yake, chifukwa ina imakhala yosakanizidwa ndi mankhwala ena otchedwa malachite green ndipo muyezo wake ndi wina. Ya 37 peresenti yeniyeniyo, m'madzi ofunda ngati athuwa, muyezo wake ndi 0.15 ml pa lita, kutanthauza 1.5 ml m'ndowa ya malita 10 a madzi amchere. Muyeze ndi sirinji, osati ndi maso kapena chivindikiro. Mpweya uyambe kuphulika m'ndowamo theka la ola nsomba isanalowe ndipo usazime, chifukwa formalin amadya okosijeni wa m'madzi. Nsomba ikhalemo mphindi 45. Ikayamba kutembenuzika kapena kulumpha mosalekeza, isafike mphindi zimenezo. Ikatuluka ipite m'kathanki koyerako, isabwerere komwe yachokera. Mubwereze pakatha masiku awiri aliwonse, katatu kapena kanayi, ndipo nthawi iliyonse ngati mungathe izibwerera m'madzi atsopano.

Formalinyu ndi poizoni kwa inunso, ali m'gulu la mankhwala oyambitsa khansa. Muvale magolovesi, mutsegule mawindo, musanunkhize botolo, ndipo ana asamufikire. Mukaona zoyera zadikha pansi pa botolo, zomwe zimachitika akasungidwa pozizira, mutayeni, wasanduka paraformaldehyde yemwe amapha nsomba. Komanso ngati khungu lafika pochita zilonda zofiira zotseguka, formalin amaipweteka kwambiri. Apo ndi bwino kusambitsa m'madzi opanda mchere n'kugwiritsa ntchito metronidazole m'kathankimo, uja timamudziwa kuti Flagyl, koma mugule wopangidwira nsomba ngati MetroPlex, mutsatire muyezo wa papaketi. Payekha ndi wofookerapo poyerekeza ndi formalin, koma pambuyo pa kusambitsa amathandiza kumaliza totsalira. Zilondazo zikamakula ndiye kuti mabakiteriya alowererapo, pafunika mankhwala monga kanamycin, ndipo pamenepo lankhulani ndi dokotala wa ziweto.

Chimene chimapha nsomba zambiri m'kathanki kachipatalaka si nthenda ayi, ndi amoniya, poizoni wochokera m'zonyansa za nsomba ndi chakudya chowola. Mulibe mabakiteriya osefa madzi, ndiye muziyeza tsiku lililonse, muzisintha madzi pafupifupi kota tsiku lililonse kapena pakadutsa tsiku, ndipo chakudya chotsala muzichipopa. Mugulenso kapampu ka mpweya ka mabatire. Nsomba yomwe makha ake avulala siingapirire magetsi atathima maola awiri madzi ali zii.

Tsopano mbali yowawa. Inzakeyo, yomwe mukuti ili bwinobwino, nayo ituluke ndipo isambe chimodzimodzi. Nsomba ina iliyonse yomwe ili m'thanki yaikulu ituluke. Thankiyo ikhale yopanda nsomba masabata 6, kuti tizilombo totsalamo tife ndi njala. Makorali, nkhono ndi shrimp zitsale, sizidwala nthendayi, muzingoponyamo kachakudya pang'ono masiku ena kuti mabakiteriya a m'miyala asafe. Ukonde, ndowa ndi paipi yopopera zikhale zosiyana pa mathanki awiriwa, ndipo manja muzisamba musanachoke kwina kupita kwina. Pambuyo pake mukadzaona timadontho ta white spot pa ina mwa nsombazo, masabata 6 sakwana. Cryptocaryon akadzitsekera m'chikhokho chake pansi anapezekapo ali moyo mpaka masiku 72, n'chifukwa chake osunga nsomba amasiya thanki masiku 76.

M'thanki yaikulu musathiremo mankhwala aliwonse. Kopa amapha makorali, nkhono, shrimp ndi anemone, ndipo amalowerera m'miyala n'kumatulukamo pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Formalin nayenso amapha zonsezo pamodzi ndi mabakiteriya anu. Mabotolo aja olembedwa kuti ndi osaopsa kwa makorali, ine sindiwawerengera. Mankhwala ofatsa mpaka korali osamva kanthu ndi ovuta kukhulupirira kuti angagonjetse kachilombo kopha nsomba pamasiku awiri. Adyo amene ena amaviikamo chakudya mwina angaikope nsomba kuti idye, basi, sachiza kanthu.

Zikakhala kuti tochi ija yaonetsa velvet, kusambitsa m'madzi opanda mchere kuja kuchitikebe, kenako kopa m'kathanki kachipatala. Kopa wogulitsidwa ndi dzina loti Cupramine amafika pa 0.5 mg pa lita, mokweza pang'onopang'ono kwa masiku awiri, ndipo popanda choyezera kopa musayambe n'komwe. Musamuphatikize ndi formalin kapena mankhwala ochotsa klorini ndi amoniya monga Prime, amamusandutsa poizoni woopsa. Ena m'malo mwa kopa amagwiritsa ntchito chloroquine phosphate, yemwe uja wa malungo amene ku Malawi tinamusiya mu 1993, ndipo amagwiradi pa velvet ndi white spot. Koma apezeke kudzera kwa dokotala, chifukwa waufa wongogula pa intaneti simudziwa zomwe zili m'kati.

Sindikunamizani, nsomba yoti yasiya kudya ndipo ikupumira pamwamba yafika patali, ikhoza kufa ngakhale mutachita zonsezi molondola. Inzakeyo ndi yomwe ili ndi mwayi waukulu. Kushopu kuja mukawauze zomwe zachitika, ndipo mukafunse ngati zinali zoswedwa m'thanki kapena zogwidwa kunyanja. Zoswedwa m'thanki kawirikawiri sizibwera ndi Brooklynella, pokhapokha ngati shopuyo yaziika m'madzi amodzi ndi zakunyanja. Ndipo kathankiko musadzakagulitse: nsomba iliyonse yatsopano izikhala kaye mmenemo mwezi wathunthu isanaone makorali anu.

Mukatha kuisambitsa koyambako, ikani pano kavidiyo kafupi koonetsa mmene makha akugundira, munenenso kukula kwa thanki yanu, nsomba zina zomwe zilimo, ndi zomwe zalembedwa pabotolo la formalin lomwe mwapeza, kuti tiwerengere limodzi muyezo musanathire.