Kodi kompyuta ingamvedi zimene zikuchitika m'mapapo?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akuphunzira unamwino, akufunsa kuti: "Ndamva zoti pali mapulogalamu a kompyuta omvetsera chifuwa cha wodwala n'kunena ngati ndi chibayo kapena mphumu, zimatheka bwanji, ndiye ife ntchito yathu yathera pomwepa?"

Achemwali, ntchito ikadalipo, musataye mabuku. Chiyambireni René Laennec kupanga stethoscope, chipangizo chomvetsera m'chifuwa, ku Paris mu 1816, chimene chimafunidwa ndi chomwecho, phokoso lachilendo munthu akamapuma. Lodziwika kwambiri ndi lamitundu iwiri. Wheeze ndi kaphokoso kangati mluzu, kamatalika ndithu, kamabwera njira za mpweya zikapanikizika monga mwa wodwala mphumu. Crackle ndi kuthetheka kwakufupi zedi, nthawi zambiri sikufika mamilisekondi 20 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000), tikitani tsitsi lanu ndi zala pafupi ndi khutu, mumva chimodzimodzi.

Ndiye stethoscope yamagetsi imajambula mawuwo, pulogalamu n'kuyamba kusefa, chifukwa mtima nawo ukugunda pompo ndipo phokoso lake ndi la besi, cha m'ma 150 Hz kutsika (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu), kuphatikizapo zovala kukhudza mayikolofoni, mwana kulira, anthu kuyankhula. Kenako amadula mawuwo m'tizidutswa, amagwiritsa masamu a Fourier, olekanitsa mawu okwera ndi otsika, kuwasandutsa chithunzi chotchedwa spectrogram. Apa ndi pomwe pamandikomera ine. Pachithunzipo wheeze amaoneka ngati mzere wopingasa wautali, crackle ngati kamzere koima kakang'ono, basi kompyuta imaonetsedwa zithunzi zambirimbiri mpaka izolowere kusiyanitsa yokha.

Vuto lili pa zoiphunzitsirazo. Gulu la mawu lomwe ofufuza ambiri amayeserapo ndi la ICBHI 2017 (dzina la msonkhano wa ofufuza), lojambulidwa ku Portugal ndi ku Greece, muli zojambula 920 kuchokera kwa anthu 126 okha. Anthu 126 eti! Ndiye pulogalamu ikhoza kukhoza bwino pamenepo koma mukaipatsa stethoscope ya kampani ina kapena khanda lomwe likupuma mothamanga m'chipinda chaphokoso, imayamba kusokonezeka. Komanso amene analemba kuti apa ndi crackle apa ayi ndi anthu, ndipo ngakhale akatswiri awiri sagwirizana nthawi zonse pa mawu amodzimodzi, kompyuta imatengera zonsezo.

Chinanso, ine sindikhulupirira wina aliyense wonena kuti pulogalamu yake imapeza matenda kuchokera pa mawu okha. Crackle amamveka pa chibayo, inde, koma amamvekanso mtima ukafooka madzi n'kudzadza m'mapapo, komanso mapapo akauma ndi zipsera. Kuti musiyanitse zitatuzi mufunika kuyeza kutentha thupi, kuona ngati miyendo yatupa, kufunsa chifuwacho chinayamba liti, mwinanso X-ray.