Mwanayo sanalakwe, achemwali, koma muuzeni izi

Achemwali, mwafunsa za mafunso awiri a Chingerezi amene mwana wanu analemba, aphunzitsi nkunena kuti walakwa. Pa funso loyambalo, lothera ndi "to", mwana wanu sanalakwe ayi. "Who did you give the money to?" ndi Chingerezi chabwinobwino. "To whom did you give the money?" nachonso nchabwino, kungoti ichi ndi cha m'makalata a ku ofesi. Aphunzitsi amuchongera molakwika. Polakwa penipeni ndi pachiwiripo, "Where does your parents stays?" Makolo ndi anthu awiri, ndiye pamafunika "do", komanso "s" akakhala kale pa "does" sabweranso pa "stay". Alembe "Where do your parents stay?" kapena "Where does your mother stay?" Basi.

Ndikulemba manja akunjenjemera chifukwa nkhani yomweyi inandimanitsa ntchito. Ndinaitanidwa ku intavyu ya ukalaliki pa kampani ina ku Ginnery Corner. Ndinadzuka kusanache ku Bangwe, minibasi mpaka mu Limbe, ina yolowera m'tauni, nsapato zobwereka kwa mlamu wanga zikundifinya zala. M'chipindamo munali anthu atatu. Mafunso onse ndinayankha bwino, ngakhale mayi amene ankalembayo ankagwedeza mutu kuvomereza. Kumapeto anati ngati ndili ndi funso ndifunse. Ine ndi ulemu wonse ndinati "Who will I be reporting to?"

Bambo anakhala pakatiwo anavula magalasi, nkuika cholembera pansi pang'onopang'ono. Anabwereza funso langa motsanzira mawu anga, akukokera dala "to" wakumapetoyo. Kenako anandifunsa m'Chichewa kuti, kodi mayi, satifiketi ya MSCE mwabweretsayi ndi yanudi? Akuti munthu wophunzira samaliza chiganizo ndi "to". Mnzawo wakumanzere anaphimba pakamwa ndi faelo, mapewa akugwedezeka. Thukuta linatsika kumsana, lilime linauma, ndinangoti pepani bwana. Pepani wa chiyani? Mpaka lero zimandiwawa. Ndipotu bambo omwewo poyamba paja anandifunsa kuti "What does your duties involve?" Ine ndinamva ndithu kuti aphonya, pamafunika "do", koma ndinakhala chete poti ndi akuluakulu. Iwo kulakwa palibe owaseka, ine kunena zolondola kusanduka choseketsa. Nditatuluka ndinayenda wapansi mpaka ku Chichiri ndikulira, osaona ngakhale maminibasi akundiitanira. Foni yawo sinabwere.

Anthu oterewa amaononga ana a eni. Anagwira lamulo limodzi kusukulu kalekale, ndiye alisandutsa chikwapu chokwapulira aliyense wobwera kudzapempha ntchito. Lamulolonso si lamulo lenileni. Linafala ndi olemba a ku England a m'zaka za m'ma 1600, monga John Dryden, amene ankafuna kuti Chingerezi chizitsata Chilatini, kumene timawu totere sitikhala kumapeto. Eni chilankhulo sanasiye kulankhula mmene ankalankhulira. Tsegulani BBC mumve, amati "Where are you from?" ndi "What are you looking for?" Ndani munamumvapo akuti "From where are you?"

Chimene muyenera kuopa nchakuti mwana angamataye kamawuko. Ife timati "Ukudikira ndani?" kapena "Ukuchokera kuti?" zonse zili kale m'mneni, palibe choonjezera, ndiye ana athu amangoti "Who are you waiting?" ndi "Where are you coming?" Uku ndiye kulakwa, pasowa "for" ndi "from". Mwana akamakalipiridwa chifukwa choika "to" kumapeto amayamba mantha, nkumangokasiyiratu. Chinanso, "who" akakhala kuti ndiye wochita, "does" safunika: "Who wants tea?" ndipo mneni amatenga "s" ngakhale ofuna tiyiwo ali khumi.

Komabe musapite kusukulu kukakangana ndi aphunzitsiwo, mungamuike mwana pamoto. Ali Folomu 4, ndipo mukudziwa kuti popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE sapatsidwa. Pa mayeso a MANEB, makamaka polemba kalata yofunsira ntchito kapena lipoti, azingolemba "To whom", "With whom", "For whom". Asalembe "To who", kamawuko kakatsogola pamafunika "whom". Ngakhale mwana wanga ndinamuuza kuti tsiku la intavyu adzanene "To whom will I report?" chifukwa sudziwa amene wakhala kuseri kwa tebulo. Madzulo mukamaphika muzimupatsa ziganizo zachidule, monga "The boys play at Kamuzu Stadium" ndi "The boy plays at Kamuzu Stadium", iye azizisandutsa mafunso mokweza, mpaka khutu lizolowere pamene "s" amagwera.