Silika wanuyo musamutaye, achimwene

Eee achimwene, mwati mumafuna timibulu ta silika (chinthu chomwe chimapanga mchenga ndi galasi) tiyalane pa galasi n'kubiriwira, koma zatuluka zoyera mbee; mwandikumbutsa zowawa. Zoyera mbee zimenezo TEOS wanu, mankhwala opangira silika aja, alibe mlandu, timibulu tanu tagwirana tisanapeze malo ake. Timibulu ta njira ya Stöber, yopangira silika kuchokera ku TEOS, timafunika tikhale tofanana kukula, ma nanomita 200 mpaka 300 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), ethanol amene timibuluto tilimo aziuma pang'onopang'ono, tokha tizidziyala mmene amayi a mumsika wa Zomba amaunjikira malalanje, limodzi pamwamba pa atatu. Kubiriwira kuja kumachokera pa kuyalana kumeneku, mulibe utoto, ndi zomwenso zimachitika m'mwala wonyezimira mitundumitundu wotchedwa opal.

Ine zanga zinali zitayamba kale. Galasi nditaliimika m'bika (kapu yagalasi ya mu labu), pamene ethanol amalekezera panayamba kamzere kobiriwira, ukapendeketsa mutu kakusanduka ka buluu. Ndinajambula n'kutumiza kunyumba, mayi osamva n'komwe kuti n'chiyani. Lachisanu ndinapita kumaliro ku Chinamwali. Kubwera Lolemba, bika yanga ili pawindo, padzuwa, pamalo pake pali zinthu za mkulu wina wa mu labu momwemo. Sizokhazo. Ataona kuti ethanol wachepa, akuti anandithandiza, anathiramo madzi a pampopi. A pampopi! Timibulu timakankhana chifukwa cha chaji ya magetsi yomwe ili pakhungu pake, mchere wa m'madzi otere umaipha chajiyo, ndiye tonse tinaundana n'kugwera pansi. Galasi lili mizeremizere, ming'alu thoo, kubiriwira kulibe. Ndikufunsa, yankho lake: "Aise, madzi ndi madzi." Munthu wophunzira chemistry! Akuluakulu a labu n'kumuikiranso kumbuyo, ati tebulo ndi la aliyense. Mpaka lero tikakumana pa depoti ndimayang'ana kumbali.

Ndiye inu, tsukani timibuluto ndi centrifuge (makina ozungulitsa mwaliwiro olekanitsa timibulu ndi madzi) kangapo kuti ammonia achoke, madzi akhale a deionised okhaokha (ochotsedwa mchere), galasi lisakhale ndi mafuta a zala. Bika ibiseni m'kabati, musauze munthu aliyense, musaigwedeze, ngakhale kutsegula chitseko mwamphamvu ayi. Mwezi wa Okutobala kutentha kumaumitsa msanga, ming'alu imachuluka, bola nthawi yozizira ya Juni. Koma bikayo musaitsekerenso kwambiri, ethanol akasowa potulukira palibe chiyalane. Komanso pezani mnzanu mu labumo aziisuzumira mukachokapo, chifukwa ngati mukuumitsira mu uvuni magetsi n'kuzima, mzere umaduka pomwepo. Tiponyereni chithunzi cha pansi pa bikayo tione ngati zaundana kale.