Mawu a Chingelezi amene amapunthwitsa ofuna unamwino

Mtsikana wina wa ku Chawama mu Lusaka wanditumizira imelo. Anamaliza Grade 12, Chingelezi anapeza 5, koma akamayesa mafunso okonzekera mayeso olowera kusukulu ya unamwino amasokonezeka ndi mawu ofanana. Akufunsa ngati agule buku la galamala n'kuloweza lonse.

Mng'ono wanga, 5 yakoyo ndi credit, usadzione wochepa. Buku gula ngati ndalama zilipo, koma kuloweza lonse ayi. Malo amene umagwa ndi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo muzu wake uli m'chinenero chathu chomwechi.

Ife tili ndi mavawelo asanu okha, choncho khutu lathu limamva live ndi leave, heal ndi hill, staff ndi stuff ngati mawu amodzi. Komanso l ndi r kwa ife sasintha tanthauzo, pamene kwa Angelezi liver ndi chiwindi, river ndi mtsinje. Ndinaonapo lipoti la wophunzira m'wodi ina, atalemba "flesh blood" pofuna kunena magazi ongotuluka kumene, fresh blood. Anali mwana wanzeru, wogwira odwala mwachifundo, ndipo zinandiwawa kuona anzake akupatsirana pepalalo.

Ndiye pali "iye" wathu, amene sasankha mwamuna kapena mkazi. Ukalemba za mayi woyembekezera n'kunena he, woyang'ana mayeso sakukhululukira. Timati "ndibwereke cholembera", n'chifukwa chake m'tauni muno mumamveka "borrow me". Wopereka amachita lend, wolandira amachita borrow. Mankhwala ife timamwa, ngakhale mapiritsi, koma m'Chingelezi lemba take.

Ena ndi ofunika kungowagwira ndi diso. Breath ndi mpweya, breathe ndi kupuma. Advice ndi malangizo, advise ndi kulangiza, ndipo practice ndi practise amayenda momwemo, chifukwa m'Zambia timatsata kalembedwe ka ku Britain: c pa dzina, s pa mneni. Lose ndi kutaya, loose ndi chosalimba, monga loose stool ya mwana wotsegula m'mimba. Mankhwala amachita affect thupi, zotsatira zake ndiye effect.

Awiri amene ndimawaopa kwambiri ndi hypo ndi hyper. Hypoglycaemia ndi shuga wotsika, hyperglycaemia ndi wokwera. Wodwala woyambayo afunika shuga msanga, ndipo namwino wowerenga mothamanga angamupweteke munthu. Pamenepa galamala yasanduka nkhani ya moyo, n'chifukwa chake sindiona mafunsowa ngati nkhanza za aphunzitsi.

Gula kope laling'ono. Tsiku lililonse lemba mawu awiri osokoneza, lililonse m'chiganizo chake chonena za wodwala, osati za John wopita kumsika. Werenga mokweza madzulo, wina wa pakhomo akumvere. Ukakwera minibasi yopita m'tauni, bisa tanthauzo ndi chala n'kudzifunsa wekha. Ukadzaza masamba khumi unditumizire, ndidzakuonera.