Kaputeni akakhala chete, ali pa ntchito

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati amayi anu pochokera ku Johannesburg, ndege itatsala pang'ono kutera ku Lumbadzi inangoliza injini n'kukweranso m'mwamba, ndipo panatha mphindi zingapo kaputeni osanena kanthu, mpaka amayi anafika kuno ku Kasungu akulumbira kuti ulendo wina adzakwera basi. Mukufunsa ngati woyendetsayo anasokonezeka, komanso chifukwa chake sanauze anthu msanga. Ena pamwambapa ayankha kale kuti ndi kusadziwa ntchito. Pepani abale, pamenepo mwaphonya.

Chimene amayi anakumana nacho amachitcha go-around, ndipo si ngozi ayi. Ndege ikamatsika, oyendetsa amakhala atagwirizana kale kuti akafika pamlingo wakutiwakuti koma msewu woterapo sukuoneka, kapena liwiro lachuluka, kapena mphepo yawakankhira pambali, satera mokakamiza. Nthawi zina vuto silikhala lawo n'komwe. Mwina ndege ina yachedwa kuchoka pamsewupo, mwina chiweto chadutsa, mwina mvula ya mabingu ija ya mu Januwale yakuta bwalo lonse. Amawonjezera mphamvu, kubweza matayala m'mimba mwa ndege, n'kutsata njira imene inalembedwa kale ya bwalo limenelo. Ngakhale wothandizira, yemwe ndi wamng'ono paudindo, akanena kuti tikwerenso, kaputeni amayenera kumvera. Ine woyendetsa amene ndingamuope ndi uja wouma mutu, wofuna kutera basi chifukwa cha manyazi.

Za cheteyo ndiye nkhani yeniyeni. Ophunzira kuyendetsa ndege onse amaloweza mawu atatu a Chingelezi, aviate, navigate, communicate. Choyamba gwira ndege iuluke bwino, chachiwiri dziwa komwe ukuloza, kulankhula kubwere pomaliza. Pa olankhulidwawonso pali mzere. Amayamba anthu oyang'anira kayendedwe ka ndege pansi, kenako ogwira ntchito kumbuyo kuja, ife okwera timabwera kumapeto. Taganizani muli m'minibasi, tayala lakutsogolo laphulika pa Chinkhoma apa. Mungakondwe dalaivala atatembenuka kukufotokozerani kuti musade nkhawa? Mumafuna manja onse awiri pa chiwongolero, kufotokoza akafotokoze galimoto itaima. M'mphindi zimene amayi ankapemphera zija, anthu awiri kutsogoloko ankawerengera mafuta otsala, kufunsa za nyengo, ndi kusankha ngati ayesenso kapena apite ku Chileka kaya bwalo lina lomwe anakonzeratu. Ndege sinyamuka ndi mafuta ongokwanira ulendo wokha. Imanyamula okafikira pabwalo lina lapadera, kuphatikizapo ena oti n'kuzungulira nawo pafupifupi mphindi 30.

Lamulo loti choyamba gwira ndege lija linagulidwa ndi miyoyo. Mu Disembala 1972 ndege ya Eastern Air Lines inkafika ku Miami usiku, ndipo kababu kosonyeza kuti tayala lakutsogolo latuluka sikanayake. Onse m'chipinda choyendetsera anatanganidwa ndi kababuko, osazindikira kuti ndege ikutsika pang'onopang'ono, mpaka inagwera m'dambo la Everglades. Anafa anthu 101. Tayalalo linali bwinobwino, kababu kokha ndi kamene kanapsa. Masiku ano vuto likangoyamba amagawana ntchito momveka: mmodzi amanena kuti ndege ili m'manja mwanga, winayo ndiye amatsegula buku.

Inde, buku. Anthu amadabwa akamva kuti munthu wophunzira chonchi amawerenga malangizo injini ikuyaka moto. Muli kabuku ka zoyenera kuchita pakagwa vuto kotchedwa QRH, ndipo ndege zambiri zamakono zimalembanso pa sikirini zoyenera kuchita, chimodzi ndi chimodzi. Zimene amachita pamtima ndi zochepa chabe, zija zosadikira. Mwachitsanzo mpweya ukathawa m'ndege ili pamtunda wa mafiti 35,000, munthu amakhala ndi mphindi imodzi kapena kucheperapo mutu usanayambe kuzungulira, ndiye amavala masiki kaye asanafunsane n'komwe, kenako amatsitsa ndege mwachangu kufika cha pa mafiti 10,000 pomwe munthu amapuma yekha. Wokwera amaona ngati ikugwa, chikhalirecho ikutsitsidwa dala. N'chifukwa chakenso amakuuzani kuti muvale masiki anu musanaveke mwana. Zina zonse amachita mosapupuluma, wina akuwerenga, wina akuyankha.

Kupupulumako kuli ndi mbiri yake. Mu Januwale 1989 ku Kegworth, ku England, Boeing 737 ya British Midland inawonongeka injini ya kumanzere, koma oyendetsa anazimitsa ya kumanja, yabwinobwino. Kugwedezeka kunachepa, iwo n'kuganiza kuti athana nazo. Atayandikira bwalo injini yodwala ija inafa, ndege inagwera m'mbali mwa msewu waukulu, anthu 47 anamwalira. Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti okwera ena anaona moto kumanzere, anamvanso kaputeni akulengeza za injini ya kumanja, koma uthenga sunafike kutsogolo. Anaganiza kuti akuluakulu akudziwa. Ife a kuno khalidwe limenelo tili nalo kwambiri, kuopa kuwongolera wamkulu. Mukaona utsi kapena mafuta akuchucha pa phiko, itanani wogwira ntchito m'ndege mumuuze, palibe adzakusekeni. Oyendetsanso lero sakhudza chozimitsira injini mpaka mnzawo atayang'ana n'kuvomera kuti ndi yomweyo.

Injini imodzi kufa sikugwetsa ndege. Ndege za injini ziwiri zimapangidwa kuti zithe kukwera ndi kutera ndi imodzi, ngakhale itafa ponyamuka penipeni. Asanathamange amawerengeratu liwiro lotchedwa V1. Vuto likabwera asanalifike amaima, likabwera atalidutsa amauluka kaye n'kukathana nalo kumwamba, chifukwa msewu wotsala sungakwanenso kuimapo. Chisankhocho amapanga ali pansi, mtima uli m'malo, kuti pa nthawi yovutayo pasakhale zokambirana. Zonsezi amaziyeserera mu makina ofanizira ndege otchedwa simulator, nthawi zambiri kawiri pachaka, ndipo wolephera sabwerera kukanyamula anthu mpaka atakhoza.

Zikafa zonse ziwiri ndege simagwa ngati mwala, imayandama ikutsika. Pa 15 Januwale 2009 Airbus A320 itangonyamuka ku LaGuardia, New York, inawomba gulu la atsekwe, injini zonse n'kutha mphamvu. Kaputeni Chesley Sullenberger anatenga chiwongolero, womuthandizira Jeffrey Skiles anatsegula buku kuyesa kudzutsa injini. A pansi anawapatsa mabwalo oti akatere, Sullenberger anaona kuti safika, anayankha mwachidule kuti akatera mu mtsinje wa Hudson. Kwa okwera analankhula kamodzi kokha, kuwauza kuti akonzekere kugunda. Anthu onse 155 anapulumuka. Akanati azipepesa anthu pa maikolofoni, sindikudziwa kuti bwenzi tikukamba zotani.

Pa wailesi, zikavuta kwenikweni amanena Mayday katatu, ndipo ndege zina zonse zimapatuka. Likakhala vuto lofunika changu koma moyo suli pachiswe pompopompo, monga wodwala m'ndege, amati Pan-pan katatu. Palinso nambala 7700 imene amaika pa kachipangizo kena, yomwe imaonetsa a pansi kuti ndege iyi ili pamavuto ngakhale asanalankhule. Pa go-around wamba ngati wa amayi, zonsezi sizifunika n'komwe.

Ndikudziwa kuti chichitikireni ngozi ya ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, ambiri a ife tikamva za ndege mtima umadumpha, ndiye mantha a amayi sindikuwapeputsa. Chimodzi ndikuvomerezani: zinthu zitakhazikika kaputeni amayenera kufotokoza, ndipo ena amachita ulesi pamenepo kapena amalankhula Chingelezi chothamanga choti gogo wa ku Santhe sangatolepo kanthu. Muwafunse amayi ngati analankhula pambuyo pake. Ndikukhulupirira kuti anatero, kungoti iwo anali mkati mwa pemphero. Ndipo muwauze kuti basi ya ku Joni ndi masiku awiri pamsewu, kudutsa Mwanza, Tete ndi Beitbridge, pomwe ndege ndi maola awiri ndi pang'ono.