Makorali akuyera koma pH ili bwino: yambani mwayeza KH

Achimwene, mwati makorali (tizamoyo ta m'nyanja yamchere tomanga zigoba zonga miyala) a m'thanki yanu ayamba kuyera kuchokera m'munsi, nsomba zikudya bwinobwino, ndipo timapepala toyezera tikuonetsa pH (muyezo wa asidi m'madzi) ya 8.1, ndiye mukufunsa kuti vuto lagona pati. Timapepalato tisiyeni kaye. Pa mbuna za kunyanja kwathu timathandizako, koma thanki yamakorali imafuna zoyezera zodontheza, monga za Salifert kapena Red Sea. Poti ambiri timaitanitsa ku Johannesburg, onani deti pa botolo, chifukwa mankhwala otha ntchito amanama.

Chimene ndikuchikayikira kwambiri ndi alkalinity, ija timangoti KH, muyezo wa carbonate ndi bicarbonate m'madzi. Korali amamanga chigoba chake ndi calcium ndi carbonate, ndiye akamakula KH imatsika tsiku ndi tsiku, pH isanaonetse kanthu. KH ikhale pakati pa 7 ndi 11 dKH (madigiri ake), ine ndimakonda 8 kapena 9, koma chachikulu isamadumphedumphe. Mukaipeza pa 6 musathamangire kuthira mankhwala kuti ifike 9 usiku umodzi, mudzapha ndi otsalawo. Kwezani osaposa 1 dKH pa tsiku.

Kayezedwe nakonso n'kofunika. Tsukani kabotolo koyezeramo ndi madzi a m'thanki momwemo, tungani mlingo wake ndi sirinji, kenako donthezani mankhwala oyezera pang'onopang'ono uku mukugwedeza, kabotolo kali pa pepala loyera pafupi ndi windo. Pansi pa getsi labuluu la thanki simungaone pomwe mtundu wasinthira. Muziyeza ola lomwelomwelo, kawiri pa sabata, n'kulemba m'kope.

Mchere ukhale 35 ppt (magawo 35 pa 1,000 aliwonse), kapena kuti 1.026 pa refractometer, kachipangizo koyezera mchere, ndipo refractometer-yo muziyamba mwaiwongola ndi madzi ake oyesera. Dzuwa la Okutobala muno mu Blantyre limaumitsa madzi msanga, mchere n'kutsala, choncho powonjezera thirani madzi opanda mchere osefedwa ndi RO (reverse osmosis, sefa yochotsa mchere ndi zina zosungunuka m'madzi). A pampopi ndi abwino kumwa, koma klorini wake makorali sagwirizana naye. Kutentha kukhale 24 mpaka 26°C. Kukafika cha m'ma 30, korali amataya ndere zokhala m'thupi mwake zomwe zimamudyetsa, n'kuyera, ngakhale zina zonse zili m'malo mwake. Ikani fani yopemerera pamwamba pa madzi.

Calcium ikhale 400 mpaka 450 ppm (magawo pa miliyoni), magnesium 1250 mpaka 1350. Magnesium ikachepa, calcium ndi KH sizikhazikika ngakhale muthire bwanji. Kuyeza ziwirizi kamodzi pa masabata awiri n'kokwanira. Ammonia ndi nitrite, poizoni wochokera ku ndowe za nsomba ndi zakudya zowola, zikhale 0. Koma nitrate ndi phosphate musazithe zonse ayi, korali amafa ndi njala m'madzi oyeretsetsa: nitrate ya 2 mpaka 10 ppm ndi phosphate ya 0.03 mpaka 0.1 sizodetsa nkhawa.

Musagule botolo lililonse la mankhwala othira m'thanki panopa. Yezani KH, mchere ndi kutentha masiku atatu otsatizana, mutiponyere manambalawo pano limodzi ndi kukula kwa thanki, tione pothandizira makorali asanatheretu.