Kodi Willys yokhala ndi mabauti a Ford ndi yachinyengo?

Bambo wina amene amawerenga tsamba lino ali ku England wandilembera kuti akufuna kugula jipi ya pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Wogulitsa akuti ndi Willys MB ya 1943, jipi yopangidwa ndi kampani ya Willys, koma iwo atatsegula boneti anaona mabauti odindidwa chilembo cha F, ndipo akufunsa ngati akupusitsidwa.

Bambo, funso lanu landikwiyitsa, ngakhale kuti si inu amene ndakwiyira. Kwa zaka zingapo ndinkathandiza mkulu wina, makaniko wopuma pantchito, kukonzanso jipi yotereyi m'galaja yake. Ntchito yanga inali yopala dzimbiri ndi kutsuka mabauti m'beseni la parafini, ndipo m'besenimo ndi mmene ndinaonera koyamba F wopindika uja, amene kampani ya Ford inkadinda pa zitsulo zambiri za jipi zake, ngakhale tizitsulo ting'onoting'ono. Titamaliza tinapita nayo ku chionetsero cha magalimoto akale. Kumeneko munthu wina anagona chagada pansi pa galimoto ndi tochi m'manja, anadzuka, napukuta mawondo, nalengeza pamaso pa anthu kuti galimotoyo ndi yosakaniza ndipo ilibe phindu. Mkulu uja sanayankhe kanthu, koma sanapitenso ku chionetsero chilichonse.

Munthu wa tochiyo ankadziwa zilembo, koma mbiri sankaidziwa. Asilikali a America anafuna jipi zambiri kuposa zimene Willys ikanatha kupanga ku fakitale yake ya ku Toledo, choncho Ford inapanga yake, yotchedwa GPW, potsata mapulani a Willys, ndipo cholinga chenicheni chinali chakuti chipangizo cha ina chizilowa pa inzake popanda vuto. Willys inapanga pafupifupi 360,000, Ford pafupifupi 280,000. Makaniko wa asilikali ku Burma kapena ku Italy, injini ikagogoda, sankafufuza dzina la kampani. Ankazula ya galimoto yophwanyika n'kuimanga pa yamoyo. Nkhondo itatha, asilikali a France anaphwasula jipi zambirimbiri n'kuzimanganso, kenaka kampani ya ku France ya Hotchkiss inayamba kupanga yake, M201, imene zipangizo zake zinalowereranso m'magalimoto akale. Kwa ine jipi imene chilichonse chikugwirizana, mpaka bauti womaliza, ndi imene iyenera kukayikiridwa, chifukwa nthawi zambiri imakhala kuti mwini wake anaisonkhanitsa posachedwa ndi ndalama zambiri. Masiku ano ngakhale mabauti atsopano odindidwa F amagulitsidwa, ndiponso bodi yathunthu yatsopano imachokera ku Philippines. Sindikunyoza amene amagula zimenezi, koma asamanyoze anzawo.

Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi china. Injini ya jipi zimenezi, yotchedwa Go Devil, ya masilinda anayi ndi malita 2.2, inapitirira kupangidwa nkhondo itatha ndipo inkaikidwa m'jipi za alimi za CJ-2A. Poiyang'ana msanga imafanana ndi ya pa nkhondo, ndipo wogulitsa wosakhulupirika amangoipaka penti n'kukweza mtengo.

Poyang'ana

Yambani ndi chitsulo chopingasa cha kutsogolo kwa chasisi, pansi pa radiyeta. Cha Willys ndi paipi yobulungira, pamene cha Ford ndi chitsulo chopindidwa ngati U wozondoka. Chimenechi ndicho chimanena kampani imene inapanga galimoto, osati mabauti. Kenaka pitani ku injini: nambala ya injini ya pa nkhondo ili mbali ya kumanja kwa buloko, chakutsogolo, kuseri kwa fyuluta ya oyilo, ndipo imayamba ndi MB kapena GPW, pamene ya CJ-2A ili kutsogolo, pamwamba pa pampu ya madzi. Pa Ford, nambala ya injini, ya chasisi ndi ya kachitsulo ka pa chitseko cha bokosi la pa dashibodi zinkatuluka m'fakitale zili chimodzimodzi. Pa Willys, ya injini ndi ya chasisi zinali zosiyana, choncho zimenezo zisakuopseni. Giyabokosi ikhale T-84, osati T-90 ya pambuyo pa nkhondo, magetsi akhale a mavoti 6, ndipo gililo ya kutsogolo ikhale ndi mipata isanu ndi inayi, osati isanu ndi iwiri. Jipi ya 1943 siyenera kukhala ndi dzina la Willys lodindidwa kumbuyo kwa bodi, popeza zimenezo zinalekeka mu 1942.

Tengani tochi ndi burashi ya waya, jambulani manambala onse, ndipo mukapeza kuti pamalo pa nambala pali posalala ngati pochita kupala, musalipire mtengo wa injini ya pa nkhondo.